“Ba Sisi, Pitani pa Peji Inangu”: Buku Lotentha ndi Maso a mu Komboni

Mumamudziwa mtsikana uyu, ngakhale dzina lake simulidziwa. Amakwera basi ya m’mawa ku Matero, amakhala pafupi ndi zenera, chikwama pamiyendo, foni m’manja. Kuwala kwa foniyo anakuchepetsa mpaka kutsala pang’ono kuzima, ndipo waipendeketsa ngati munthu wobisa makhadi pa njuga. Mukamuona mungati akuwerenga vesi la tsiku. Ayi ndithu. Ali pa mutu 14 wa buku lomwe mnzake wa ku saluni anamutumizira pa WhatsApp usiku wa Lachisanu, ndi kauthenga kakuti, “Ukasiliza ufafanize, osauza munthu.”

Basi itaima mu jamu ya pa Lumumba Road, kondakitala ali mkati mokangana ndi amayi ena za chenji, mudala wa mpando wakumbuyo anamugogoda paphewa. “Ba sisi, pitani pa peji inangu, apa nasiliza.” Basi yonse phwa, kuseka. Mtsikana anazima foni, n’kuyang’ana panja, ndipo mpaka kufika m’tauni sanatembenukenso.

Nkhaniyi anandiuza yekha, uku akuseka. Koma anamaliza ndi funso lomwe landikhazika pansi lero. “Mu buku muja mukazi bamamutamba, ndipo ine nenze kukondwela kubelenga. Manje mudala uja ananitamba chabe pa foni, ine nenze kufuna kulila. Nanga nichani? Kapena ndine wopena?”

Si wopenga. Ndipo ngati imwe muli ndi buku lotere lomwe munalibisa mu foda yolembedwa kuti “Notsi za kusukulu”, funsoli ndi lanu.

Dzina la bukulo sinditchula, sindine wotsatsa malonda, ndipo mabuku otere ndi ambiri, ofanana ngati mabasi a mzere umodzi. Ndi la m’Chingerezi. Mwamuna ndi mkazi, onse akuluakulu, amagwirizana masewera a kuchipinda omwe sanatchulidwepo pa kitchen party ya achemwali anu: kuphimbana maso, kumangana manja ndi nsalu, wina kulamula wina kumvera. Pakati pa nkhani mkaziyo amazindikira kuti chomwe chimamukoka mtima kwambiri ndi kuonedwa. Usiku amasiya dala katani wosatseka, akudziwa kuti kutsidya kwa msewu kuli munthu amene anapangana naye kuti aziyang’ana. Ali ndi liwu limodzi lomwe anagwirizana, lomwe akangolinena masewera onse amaima pomwepo.

Mabuku amtunduwu sanayambe dzulo. Azakhali athu ankagula Mills & Boon zakale m’makonde a Cairo Road, n’kuzikuta ndi nyuzipepala kuti abusa asaone chikuto. Chomwe chinasintha msika ndi Fifty Shades of Grey, buku la mayi wa ku Britain E. L. James, lomwe linatuluka mu 2011. Linayamba ngati nkhani ya pa intaneti yolembedwa ndi wokonda mabuku a Twilight, koma pofika 2014 mabuku atatu a nkhaniyo anali atagulidwa oposa 100 miliyoni. Filimu yake itatuluka mu 2015, dziko la Kenya linailetsa. Kuletsako sikunaphule kanthu, chifukwa zinthu zinali zitasamukira kale m’foni. Lero pali Wattpad, yomwe inayamba ku Toronto mu 2006, pali masamba a Facebook olemba nkhani gawo ndi gawo, pali ma PDF oyenda m’magulu a WhatsApp. Malaiti akapita, monga ankapitira mu 2024 madzi atachepa ku Kariba mpaka tsiku lathunthu kutha mumdima, buku la pa foni ndi zosangalatsa zotchipa kuposa zonse. Silidya bundle, silidya batire ngati kanema, ndipo silimveka kwa neba.

Mawu akuti neba ndiwo atifikitsa pa mtima pa nkhani.

Wolemba buku lija ankaganiza za mkazi wokhala m’nyumba yosanja, chipinda chake yekha, zenera lalikulu, katani wolemera. Wowerenga wathu amakhala pa mdadada wa zitseko sikisi. Zipupa sizifika kudenga, siling’i kulibe. Neba akatsokomola mumamva, akatsegula paketi ya shuga mumamva. Bafa ndi imodzi ya yadi yonse, malata ake ali ndi mabowo a misomali yakale, chitseko chimatsekedwa ndi kawaya. Mabungwe oona za mizinda akhala akunena kuti pafupifupi anthu 7 mwa 10 alionse a mu Lusaka amakhala m’makomboni. Kanyama yokha, pa kalembera wa 2022, inali ndi anthu oposa 500,000. Tikamakamba za mdadada ndi bafa ya yadi, tikukamba moyo wa anthu ambiri a mzinda uno.

Mtsikana aliyense wokulira ku Chawama, ku George kapena ku Mtendere anaphunzira maphunziro ena omwe sali pa silabasi. Kusamba kusanache, anyamata a pa yadi asanadzuke. Kupachika chitenje mkati mwa chitseko. Kutseka kabowo ndi kapulasitiki, mawa n’kupeza kapulasitiki kachotsedwa. Kusamba uku maso ali kumwamba, kuyang’ana ngati pamwamba pa chipupa patulukira mutu, kapena masiku ano kafoni. Ambiri sanauzepo munthu. Ena anauza amayi, amayi n’kunena kuti, “Uzisamba msanga, osachedwa.” Ena anauza ba landlord, yankho n’kukhala lakuti, “Ngati sufuna, sakila self-contained.” Ndipo self-contained mukudziwa mtengo wake. Mu Lusaka chinsinsi cha thupi chimalipiridwa pamodzi ndi lendi.

Tsono taganizani munthu woteroyo akuwerenga za mkazi amene amatsegula katani mwa kufuna kwake. Mtima umagawika pawiri. Mbali ina ikukondwa, chifukwa kwa nthawi yoyamba akuona mkazi amene maso a anthu sakumudya, iye ndiye akuwalamula: uyang’ane tsopano, leka tsopano. Mbali ina ikukumbukira kabowo ka pa malata. Mkazi wa m’buku ali ndi katani woti atsegule. Wowerenga wathu sanakhalepo ndi katani woti atseke.

N’chifukwa chake mudala wa m’basi anamupweteka chotero. Sanamugwire thupi, sanamutukwane. Anangolowa popanda kugogoda m’kachipinda kokhako komwe mtsikanayu anali nako, kachipinda ka pakati pa maso ake ndi foni yake, kenako n’kuitana basi yonse kuti idzaone. Zomwe zinali m’buku ndi zomwe zinachitika m’basi zikhoza kuoneka ngati chinthu chimodzi, poti konse kuli woyang’ana ndi woyang’anidwa. Kusiyana kwake ndi kumodzi chabe, koma ndi kwakukulu ngati kusiyana kwa mphatso ndi kuba: m’buku mkazi anavomera, m’basi mtsikana sanafunsidwe.

Pa za manyazi omwe amabwera mukatseka buku, ndikuuzeni kuti simuli nokha, ndipo simuli oyamba. Mu 1973 mayi wa ku America Nancy Friday anatulutsa buku lotchedwa My Secret Garden, momwe anasonkhanitsa malingaliro achinsinsi omwe akazi wamba anamuuza. Linadabwitsa anthu chifukwa linaonetsa kuti akazi aulemu wawo, apabanja, amalingalira zinthu zomwe pa moyo weniweni sangazifune n’komwe. Maganizo ndi bwalo lomwe munthu amasewera ndi zinthu zomuopsa, iye ali mwini mpira, ali mwini wenzulo. Timaonera mafilimu a mbava popanda kufuna kuthyoleredwa nyumba. Kukonda nkhani ya kuonedwa sikutanthauza kuti mukufuna mwana wa ba landlord akwere pa ndowa kuseri kwa bafa.

Koma musaganize kuti ndabwera kudzaliyeretsa bukuli. Mtsikana uja anali ndi dandaulo lachiwiri, ndipo ndi lolemera. “Mwamuna wa mu buku ali na ndalama maningi. Motoka, nyumba, vonse ni vake. Manje mukazi akakamba ati nivomela, avomela zoona, olo aopa kubwelela ku njala?” Funso limenelo ndi la munthu wodziwa Lusaka. Tonse tikudziwa inde wa mtsikana amene lendi yake imalipiridwa ndi mwamuna wa galimoto ya magalasi akuda. Ndi inde, koma ayi wake ali ndi mtengo womwe sangaukwanitse. Mabuku ambiri amtunduwu amachita ngati vutoli kulibe. Mwamuna amalondalonda mkazi, amamusankhira zovala, amamufufuza komwe ali, ndipo wolemba amatiuza kuti chimenechi ndi chikondi chifukwa mwamunayo ndi wokongola ndipo ali ndi ndege. Ena amapitirira. Filimu ya ku Poland yotchedwa 365 Days, yomwe inatchuka pa Netflix mu 2020, nkhani yake ndi ya mwamuna woba mkazi n’kumutsekera kuti amukonde, ndipo anthu ambiri anaidzudzula chifukwa cha chomwecho. Chotsani nyimbo ndi suti, muike nkhani yomweyo m’chipinda chimodzi ku Kanyama, muona kuti ndi mlandu wa ku polisi.

Ndipo dziko lathu si malo oti nkhani ya kumanga ndi kulamula mkazi tiziitenga mopepuka. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo, Zambia Demographic and Health Survey wa 2018, anapeza kuti akazi 36 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 anamenyedwapo kapena kuchitidwa nkhanza pathupi kuchokera pamene anakwana zaka 15. Pa mpando umodzi wa basi wokhala akazi atatu, mwina mmodzi amadziwa bwino kumangidwa manja komwe kulibe liwu loimitsira. Kwa iye buku lotere likhoza kutsegula bala. Akalisiya pa mutu 3 n’kunena kuti n’lonyansa, musamuseke kuti ndi wachimidzi. Akudziwa zomwe imwe simukuzidziwa.

Anyamata, apa ndikukamba ndi imwe. Pali mnyamata wina wa ku Chawama, wogwira ntchito yowotcherera mageti, amene anapeza buku lomweli mu foni ya chibwenzi chake. Sanawerenge lonse, anangothamangira malo otentha ngati munthu wotola nyama mu ndiwo. Zomwe anatolapo n’zakuti akazi amafuna kugwidwa mwamphamvu, koma amachita manyazi kunena. Anayesa osafunsa. Mtsikana anathawa usiku womwewo kupita kwa azakhali ake ndipo sanabwererenso. Mpaka lero mnyamatayo amauza anzake kuti, “Nanga si ndiye vamene enze kubelenga?” Anadumpha masamba onse omwe anthu awiri aja amakhala pansi, ovala bwinobwino, kukambirana chomwe chiloledwa ndi chomwe sichiloledwa. Masamba otopetsa aja ndiwo mwini nkhani. Popanda iwo chomwe chatsala ndi nkhanza, ndipo lamulo la Anti-Gender-Based Violence Act la 2011 silifunsa kuti munaziwerenga m’buku liti. Chinanso: zogwirana pakhosi zomwe mumaona m’makanema zilibe njira yake yabwino. Munthu amakomoka, amavulala ubongo, amafa.

Ena mwa imwe mukuti, zonsezi ndi za azungu, ife tilibe. Pang’onopang’ono. Mtundu womwe uli ndi chinamwali, alangizi, banachimbusa ndi mikanda ya m’chiuno sungaime pa msewu n’kunena kuti za kuchipinda sutidziwa. Makolo athu anali ndi sukulu yathunthu ya zimenezi, ya ng’oma ndi nyimbo zake. Ndinafunsa alangizi ena achikulire a ku George ngati mabuku otere amawadetsa nkhawa. Anaseka. “Mwana wanga, vamene ise tiphunzitsa, buku siingakwanitse. Koma ise titseka chitseko. Wamene sanaitanidwe sangena.” Amenewo ndi malamulo akale, ndipo ndi omwewo omwe mudala wa m’basi anaphwanya. Pa chikhalidwe chathu wosuzumira ku bafa kapena ku tsimba sanali munthu wamba, anali wolakwa, ndipo ankalipitsidwa.

Pomwe maphunziro akale amapunduka ndi pa liwu loimitsira lija. Atsikana ambiri amatuluka m’nyumba ya alangizi atauzidwa kuti mwamuna sakanidwa, ndi kuti za m’nyumba sizituluka panja. Sitinatchule ukwati kuti shipikisha club popanda chifukwa. Ndiye taonani zodabwitsa: buku lomwe tikulitcha lonyansa likuuza mtsikana kuti ali ndi ufulu wonena kuti basi, ndipo mwamuna ayenera kuima. Phunziro limenelo ena sanalimvepo kunyumba, kutchalitchi ngakhale pa kitchen party. Ngati atsikana akuliphunzira m’buku lotentha, manyazi asagwere iwo okha.

Tibwerere kwa wosuzumira, chifukwa masiku ano sakweranso pa ndowa. Ali ndi foni. Ndi chibwenzi chakale chomwe chinasunga zithunzi kudikira tsiku lokwiya. Ndi wokonza mafoni wosakhulupirika amene amatsegula zithunzi za kasitomala pamene akusintha galasi. Ndi mnzanu amene anabwereka foni kuti aimbe. Ndipo, mundikhululukire, ndi imwe, nthawi iliyonse yomwe kanema wa munthu watuluka ndipo mwalemba pa gulu kuti “Ali nayo anitumileko.” Mukukumbukira Julaye 2020, pamene pulezidenti Edgar Lungu anachotsa nduna ya maphunziro David Mabumba kanema wachinsinsi yemwe anthu ankati ndi wake atafalikira. Lusaka yonse inagula bundle tsiku limenelo. Iye anali nduna. Mtsikana wa ku Kalingalinga amene kanema wake watuluka alibe loya, alibe mpanda wautali wobisalamo. Mawa lake ayenera kukatunga madzi pa kiyosiki pomwe aliyense wamuona kale. Amasiya koleji, amasamuka komboni, ena amafika poganiza zodzipha.

Tsono yerekezani. Mtsikana wowerenga nkhani yopeka ya anthu omwe kulibe, omwe anavomerezana, ndiye timamuseka m’basi. Ife otumizirana thupi la munthu weniweni amene sanavomere, timadziona ngati tikungotsata nkhani. Pa awiriwa wosuzumira weniweni ndi ndani?

Lamulo nalo lili ndi mbali yake pa chisokonezochi. Gawo 177 la Penal Code limaletsa kupanga, kusunga kapena kufalitsa zinthu zolaula, ndipo limatchula zolembedwa, zojambula, zithunzi ndi mafilimu, chilichonse chomwe chingaononge makhalidwe. Chilango chimafika zaka 5 m’ndende kapena chindapusa. Mwamva bwino: zolembedwa zilimo, ndipo kusunga chabe kulimo. Vuto ndi lakuti gawoli silifotokoza bwino kuti cholaula n’chiyani, ndiye zimadalira maso a woyang’ana. Mu 2009 mkonzi wa nkhani wa nyuzipepala ya The Post, Chansa Kabwela, anazengedwa mlandu pa gawo lomweli chifukwa anatumiza kwa akuluakulu a boma zithunzi za mayi wobereka popanda thandizo pa nthawi ya sitiraka ya ogwira ntchito zachipatala. Cholinga chake chinali kuonetsa mavuto a sitirakayo, koma pulezidenti Rupiah Banda anazitcha zolaula. Khoti linamumasula mu Novembala chaka chomwecho. Mu 2018 boma linakaniza wovina wa ku South Africa Zodwa Wabantu kudzavina kuno, pa nthawi yomwe kunali unduna wa zachipembedzo wotsogozedwa ndi Godfridah Sumaili. Dziko lomwe Frederick Chiluba analitcha la Chikhristu pa 29 Disembala 1991 lili ndi ufulu wokambirana za makhalidwe ake, palibe akutsutsa.

Koma onani komwe ndodo imagwera. Mu 2012 khoti la ku Lusaka linapeza wolakwa mtsikana wa pa koleji chifukwa cha kanema yemwe anajambula ndi chibwenzi chake, atafalikira pa intaneti, ndipo analipitsidwa K10 miliyoni ya ndalama zakale. Dzina lake ndi nkhope yake zinayenda dziko lonse. Zikwi za anthu omwe anatumizirana kanemayo anagona tulo tabwino. Gawo 177 limafunsa kuti, “Kodi chinthuchi n’cholaula?” Silifunsa kuti, “Ndani anavomera kuti chionedwe, ndipo ndani anachiba?” Chifukwa cha chimenechi, mtsikana amene zithunzi zake zabedwa amaopa kupita ku polisi, poganiza kuti akafika adzakhala iye woyamba kufunsidwa chifukwa chomwe anazijambulira.

Mu Epulo 2025 pulezidenti Hakainde Hichilema anasaina malamulo awiri atsopano, Cyber Security Act ndi Cyber Crimes Act, omwe analowa m’malo mwa lamulo la 2021. Lamulo la milandu ya pa intaneti lili ndi mlandu wozunza ndi kuchititsa manyazi munthu pogwiritsa ntchito foni kapena kompyuta, ndipo likagwira ntchito moyenera likhoza kuthandiza mtsikana wa ku Kalingalinga uja. Koma malamulowa anabwera ndi mkangano wawo. Bungwe la maloya la Law Association of Zambia linawatsutsa, ndipo ofesi ya kazembe wa America inachenjeza nzika zake kuti mauthenga awo akhoza kumaonedwa. Boma linayankha kuti cholinga ndi kuthana ndi umbava wa pa intaneti, osati kusuzumira anthu, ndipo kuti pamafunika chilolezo cha khoti. Mkanganowo ukadalipo. Koma munaona momwe tonse tinadzidzimukira, amuna akuluakulu ndi mataye awo, pongomva kuti wina akhoza kuwerenga za mu foni yathu osatifunsa? Kudzidzimuka kumeneko ndiko komwe mtsikana wa m’basi anamva paphewa pake. Ndiko komwe mwana wamkazi wa mu komboni amamva m’mawa uliwonse ku bafa.

Ndiye muchite bwanji ndi buku lanu? Sindine abusa anu, sindine alangizi anu. Ngati chikhulupiriro chanu chikukuuzani kuti mulisiye, lisiyeni, ndipo wina asakunyozeni. Ngati ndinu wamkulu ndipo mwasankha kuwerenga, dziwani kuti gawo 177 lilipo, ndipo werengani ndi maso awiri: lina pa nkhani, lina likufunsa ngati mkazi wa m’nkhaniyo angathe kunena ayi n’kutuluka pakhomo ali bwinobwino. Kumbukiraninso kuti foni ya mu komboni si ya munthu mmodzi. Madzulo mng’ono wanu wa giredi 6 amaitenga kuti asewere gemu. Ikani loko, ndipo musatumize buku lotere pa gulu lomwe simudziwa zaka za onse omwe alimo. Musanasiye foni kwa wokonza, chotsani zomwe simufuna kuti zionedwe.

Kanema wa munthu akafika pa gulu lanu, aime pa imwe. Ngati wojambulidwayo ndi mwana wosakwana zaka 18, ngakhale kungomusunga mu foni ndi mlandu waukulu. Ngati wojambulidwa mobisa kapena woopsezedwa ndi zithunzi ndinu, musafafanize mauthenga oopsezawo, ndi umboni. Pitani ku Victim Support Unit ya polisi limodzi ndi munthu amene mumamukhulupirira, kapena imbani 933, nambala yaulere ya Lifeline. Za ana nambala ndi 116. Ndipo ba landlord amene mukuwerenga, lata limodzi ndi loko ya bafa sizidula kuposa mowa wa Loweruka limodzi.

Mtsikana wa ku Matero analimaliza buku lija. Akuti mapeto ake sanamukhutiritse, mkazi uja anakwatiwa ndi mwamuna wandalama ngati m’mabuku ena onse, ndipo funso lake lakuti avomela zoona silinayankhidwe. Analifafaniza monga analonjezera. Sakudziwa ngati angawerengenso lina, tsiku lina amati inde, tsiku lina amati ayi, ndipo wasiya kudziimba mlandu pa zonse ziwiri.

Chomwe anachita Loweruka lotsatira ndicho ndinachikonda. Anapita pa hadiweya, anagula loko ndi misomali, anapempha kachidutswa ka lata kwa wowotcherera wa pakona. Iye ndi atsikana ena awiri a pa yadi anatseka mabowo onse a bafa, masana dzuwa likuswa mtengo, anyamata a pa yadi ali chikhalire pa benchi kuyang’ana pansi. Palibe anafunsa kuti n’chifukwa chiyani.

Mudala uja anakumana nayenso Lachitatu, basi yomweyo, mpando womwewo. Khosi linayambanso kutalika. Ulendo uno mtsikana sanazime foni. Anatembenuka, n’kumuyang’ana m’maso, n’kulankhula mokweza kuti kondakitala amve.

“Ba mudala, munapempha?”

Basi inasekanso. Koma wotsika ali chiweramire pa siteshoni anali wina.